Anafa Kapena Anaphedwa? Zimene Ndakumana Nazo Pofufuza Mbiri ya Nkhanza za Tsankho

Ndinali m'chaka chachitatu cha digiri yanga ya udokotala pa mbiri yakale pamene anandiitana kukalankhula mu holo yaing'ono ya tchalitchi china ku America. Anthu sanakwane 40, ndipo ambiri anali okalamba. Nkhani yanga inali ya zimene zinachitika mumzinda wa Tulsa, m'chigawo cha Oklahoma, mu 1921. Ndinaimirira n'kuwerenga chiganizo choyamba cha pepala langa, chimene ndinachisalaza kwa masabata angapo: "Usiku wa pa 31 Meyi 1921 chipolowe chinabuka ku Tulsa, ndipo pofika madzulo a tsiku lotsatira anthu ambiri anali atafa, nyumba zambiri zitapsa."

Nditamaliza, mayi wina amene anakhala kutsogolo, ndodo ataigoneka pamiyendo, anakweza dzanja. Tinkalankhula Chingerezi, koma mawu awo ndiwalemba m'chinenero chathu monga momwe anandilowera mumtima.

"Mwana wanga, mwati anthuwo anafa. Anadwala?"

"Ayi mayi, sanadwale."

"Nanga nyumbazo, inagwa mphezi?"

"Ayi mayi."

"Ndiye nenani kuti anaphedwa. Nenani kuti nyumbazo anazitentha. Mukatero mupeza kuti chiganizo chanu chikufuna amene anachita zimenezo. Amayi anga anathawa kumeneko ali kamtsikana, kuphazi kulibe nsapato, ndipo amene ankawathamangitsawo ankawadziwa."

Sanakweze mawu ngakhale pang'ono. Ine ndinangoti, "Zikomo mayi, ndamva." Usiku umenewo ndinatenga cholembera chofiira n'kudula mzere pansi pa mawu onse a m'pepala langa amene ankabisa wochita: chinabuka, zinapsa, anafa, mtendere unasokonekera. Palibe tsamba limene linatsala loyera.

Padutsa zaka zoposa khumi tsopano ndikugwira ntchito yofufuza magulu a ndale zonyanyira ndi nkhanza zochitira anthu chifukwa cha mtundu kapena khungu lawo. Achinyamata ambiri amandilembera kufunsa kuti ntchitoyi imakhala bwanji komanso angayambire pati. Ndimafuna kuwayankha aliyense payekha koma nthawi imandichepera, n'chifukwa chake ndaganiza zolemba pano zimene ndikanakonda wina akanandiuza ndisanalowemo.

Ndiyambe ndi Tulsa yemweyo, chifukwa ndi kumene ndinaphunzirira kuwerenga. Pa 30 Meyi 1921 mnyamata wakuda wa zaka 19, Dick Rowland, wopukuta nsapato, analowa m'chikepe cha nyumba ya Drexel. Woyendetsa chikepecho anali mtsikana wachizungu, Sarah Page, ndipo anthu anamva akukuwa. Mawa lake Rowland anamangidwa, nyuzipepala ya Tulsa Tribune n'kulemba nkhaniyo ngati kuti anafuna kumugwirira. Madzulo chikhamu cha azungu chinasonkhana panja pa khoti pomwe ankamusunga. Amuna akuda a ku Greenwood, dera la anthu akuda mumzindawo, ena mwa iwo asilikali amene anamenya nawo nkhondo yoyamba ya padziko lonse, anapita ndi mfuti kuti akamuteteze, poti ankadziwa zimene chikhamu chotere chimachita. Mfuti inalira. Apolisi analumbiritsa azungu mazanamazana kuti akhale apolisi apadera, ena kuwapatsa ndi zida zomwe, ndipo m'bandakucha wa pa 1 Juni azungu masauzande analowa mu Greenwood, kuba, kuwombera ndi kutentha. Anapsereza midadada 35. Bungwe la Red Cross linawerenga nyumba 1,256 zotenthedwa. Dokotala wodziwika wa maopaleshoni, A. C. Jackson, anamuwombera akutuluka m'nyumba mwake manja ali m'mwamba. Mlandu wa Rowland unadzathetsedwa chaka chomwecho. Palibe mzungu ndi mmodzi yemwe amene anapita kundende chifukwa chopha kapena kutentha.

Nanga chiganizo changa chija ndinachitenga kuti? Sindinachipeke. Ndinachitola m'zikalata zimene ndinakhala ndikuwerenga zaka ziwiri, ndipo zikalatazo analemba ndi anthu amene zinkawakomera kuti wochita asaoneke. Gulu la nzika limene khoti linaika kuti lifufuze nkhaniyi linaloza chala amuna akuda amene anapita kukhoti aja. Boma linalemba kuti ophedwa anali 36, pomwe komiti imene chigawo cha Oklahoma chinakhazikitsa patapita zaka zambiri inanena mu lipoti lake la 2001 kuti ayenera kuti anali pakati pa 100 ndi 300. Ngakhale liwu la Chingerezi lakuti "riot", lomwe ife tingati chipolowe, linali ndi ndalama kumbuyo kwake: mapepala a inshulansi anali ndi ndime yoti kampani silipira katundu wowonongeka pa chipolowe, ndipo makampani anakana kulipira anthu a ku Greenwood. Mukamva lero anthu akulimbikira kuti tizinena "massacre", kutanthauza kupha anthu ambiri mwadala, musaganize kuti akungokangana za galamala.

Tsiku lina ndinakhala pamakina oonera microfilm, filimu yojambulirapo zikalata zakale, ndikupukusa nyuzipepala ya Tulsa Tribune ya pa 31 Meyi 1921. Pamalo pomwe panali nkhani ya Rowland pali chibowo. Wina anang'ambapo pepalalo lisanajambulidwe. Nkhani ya patsamba loyambayo inadzapezeka kwina, koma ndinakhala nthawi yaitali ndikuyang'ana chibowo chija, m'mphepete mwake muli manyamanya ngati mong'ambidwa ndi dzanja lofulumira. Kuyambira pamenepo, ndikatsegula bokosi lililonse la zikalata ndimayamba ndafunsa kuti analemba ndani, ankalembera yani, ankaopa chiyani, ndipo chikusowamo n'chiyani.

Sikuti anthu a ku Greenwood anakhala chete. Mary Parrish, mphunzitsi wa kutayipa amene anathawa ndi mwana wake pa chiwembucho, anayenda kusonkhanitsa maumboni a opulumuka n'kuwasindikiza. Loya Buck Colbert Franklin, amene ofesi yake inapsa, ankagwirira ntchito mu tenti, ndipo anakatsutsa kukhoti lamulo la mzinda limene likanalepheretsa anthu kumanganso pamalo awo. Mu 1931 analemba masamba khumi ofotokoza zimene anaona ndi maso, koma masambawo anadzadziwika mu 2015. Mwana wake, John Hope Franklin, anakula n'kukhala mmodzi wa akatswiri akuluakulu a mbiri ya America. Mawu a ozunzidwa alipo, koma sakhala m'bokosi loyamba limene angakupatseni. Amakhala m'masutikesi a pansi pa bedi, m'mabuku a tchalitchi, m'nyuzipepala za anthu akuda, ndi m'kamwa mwa zidzukulu ngati mayi aja. Kuwapeza kumafuna miyendo ndi ulemu, ndipo kumachedwa.

Chinthu chachiwiri chimene sindinakonzekere ndi chakuti anthu ochita nkhanzawa, ukawapeza papepala, amaoneka anthu wamba. Ndinkayembekezera zilombo. Nthawi ina anandibweretsera buku la maminitsi a nthambi ina ya Ku Klux Klan, gulu la azungu atsankho la ku America, ya m'zaka za m'ma 1920. Gululi linayamba ku Pulaski, Tennessee, nkhondo yapachiweniweni itangotha, linazilala, kenako linadzutsidwanso mu 1915 pa Stone Mountain ku Georgia. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1920 linali ndi mamembala mamiliyoni, ndipo chidani chake chinkaloza anthu akuda, Ayuda, Akatolika ndi obwera kuchokera kunja. Kulowa gululi kunali madola 10, ndipo wokopa anthu ankadyapo gawo lake pa munthu aliyense amene walembetsa. Mu Ogasiti 1925 anaguba masauzande ambirimbiri mumsewu wa Pennsylvania Avenue ku Washington nkhope zili poyera.

Buku limene ndinagwiralo linali lolembedwa mwaukhondo, ndi dzanja la munthu wozolowera kaundula. Munali mayina a amene apereka ndalama ya umembala ndi amene ali ndi ngongole. Munali mfundo yoti agule mipando ina, yoti atumize maluwa kwa mkazi wa membala amene wagonekedwa m'chipatala. Pansi pake, inki yomweyo, dzanja lomwelo, panali mfundo yoti komiti ya amuna angapo "ikachezere" banja lina limene linasamukira kumene silinkafunika. Kenako pemphero lotsekera. Ndinatseka bukulo n'kutuluka panja kukapuma mpweya. Zimene ndinazindikira tsiku limenelo zanditsogolera mpaka pano: nkhanza zamtunduwu zimakhala ndi mlembi, msungichuma ndi tsiku la msonkhano. Wofufuza amene akungosaka amisala adzadutsa pafupi ndi umboni weniweni osauona. Tsatani ndalama, tsatani amene anabwereketsa holo, amene anasindikiza timapepala, wapolisi amene anayang'ana kumbali. Khotekhote ngwa njoka, inu tsatani kumene kwaloza mutu.

Apa ndiye pali ngozi imene ndikufuna ndikhalepo pang'ono, chifukwa m'kalasi saiphunzitsa. Ukamawerenga zolemba za anthu a chidani tsiku ndi tsiku kwa miyezi, chinenero chawo chimayamba kukulowa. Sindikunena kuti umayamba kugwirizana nawo. Chimene chimachitika n'chakuti mawu awo amasiya kukudzidzimutsa. Mphunzitsi amene ankayang'anira kafukufuku wanga anandibwezera mutu wina atazunguliza mawu akuti "vuto la anthu akuda", amene ndinawalemba opanda mitengero, ngati kuti ndi dzina lenileni la chinthu. Pambali analembapo funso limodzi: "Vuto la yani?" Ndinachita mantha, chifukwa ineyo ndine munthu wakuda, ndipo sindinaone pamene mawuwo analowera m'cholembera changa.

Chimene chinandithandiza ndi chizolowezi chaching'ono. Ndili ndi makope awiri. M'kope loyamba ndimalemba mawu a ochita nkhanza, nthawi zonse m'mitengero, ndi dzina la wonena ndi tsiku. M'kope lachiwiri ndimalemba mayina a ophedwa ndi kanthu kamodzi ka moyo wawo: ntchito yawo, msinkhu, dzina la mwana, chimene ananyamula pothawa. Sinditseka tsiku ndi kope loyamba. Ngakhale nditatopa bwanji, theka la ola lomaliza ndimawerenga umboni wa wopulumuka kapena zolemba za Ida B. Wells.

Wells ndiye mphunzitsi wathu tonse pa ntchitoyi, ngakhale anali mtolankhani. Mu 1892 anzake atatu, eni golosale ya People's Grocery ku Memphis, anawatulutsa m'chitokosi n'kuwapha. Iye anayamba kufufuza kuphedwa kwa anthu akuda ndi zikhamu, ndipo anachita chinthu chanzeru: anatenga malipoti a nyuzipepala za azungu eni akewo n'kuwerenga mlandu umodziumodzi. Anaonetsa kuti nkhani yoti amuna akuda ankaphedwa chifukwa chogwirira akazi achizungu inali chophimbira, poti pa ambiri mwa ophedwawo mlandu umenewo sunatchulidwe n'komwe. Chikhamu cha azungu chinamuphwanyira makina ake osindikizira chaka chomwecho ndipo sanathenso kubwerera ku Memphis. Kwa iye ndinaphunzira kuti zikalata za opondereza sitizitaya. Timaziwerenga modekha mpaka zidzitsutse zokha. Bungwe la Equal Justice Initiative linapitiriza ntchito yowerengayo ndipo linapeza anthu akuda oposa 4,400 ophedwa motere pakati pa 1877 ndi 1950. Lamulo la dziko lonse la America loletsa mchitidwewu linadutsa m'nyumba ya malamulo yaing'ono mu 1922 n'kukafera ku nyumba yaikulu ya Senate, ndipo lamulo lotere linadzasainidwa mu Malichi 2022, litapatsidwa dzina la Emmett Till, mnyamata wa zaka 14 amene anaphedwa ku Mississippi mu 1955. Zaka 100 zathunthu.

Tsopano za thupi ndi mtima. Izi ndinazibisa kwa nthawi yaitali poganiza kuti munthu amene amangowerenga mapepala alibe chifukwa chodandaulira, poti ozunzika enieni ndi amene ali m'mapepalamo. Maganizo amenewo anandichedwetsa kupeza thandizo.

Madzulo ena ndinali kunyumba, ndikuyang'ana pa kompyuta chithunzi cha ku Waco, Texas, cha pa 15 Meyi 1916, tsiku limene chikhamu cha anthu oposa 10,000 chinaonerera kuphedwa kwa Jesse Washington, mnyamata wa zaka 17. Zithunzi za tsikulo anazigulitsa ngati mapositikhadi. Ine ndimafufuza kwambiri chikhamu, choncho ndinali nditakuza mbali ya chithunzi imene ikuonetsa nkhope za oonerera: zipewa, mataye, ena akumwetulira, ena atakwera mumtengo kuti aone bwino. Sindinamve mwana wanga wamkazi akulowa. Anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Anatsamira paphewa langa n'kufunsa, "Amayi, anthuwa akusangalalira chiyani?"

Ndinatseka kompyuta mofulumira moti anadzidzimuka n'kuyamba kulira. Mwamwayi mtembo sunali pa sikirini. Ndinamunyamula, koma manja anga ankanjenjemera, ndipo usiku umenewo amuna anga anandiuza zimene anakhala akuona kwa miyezi: sindinkagona, ndinkakalipa pa zinthu zazing'ono, tikakhala pa gulu la anthu ndinkayang'ana khomo lotulukira, ndikamva fungo la chinthu chopserera ndinkasiya kulankhula. "Ntchito yanuyi ikukudyani," anatero, "ndipo ikuyamba kudya ndi ife tomwe."

Ndinapita kukalandira uphungu, ndipo ndimapitabe. Ndinaphunzira kuti kuvulala mumtima chifukwa choona ndi kumva za nkhanza zochitikira ena n'chinthu chodziwika bwino pakati pa atolankhani, maloya ndi ogwira ntchito zachipatala. Lero zithunzi zotere sizilowa m'nyumba mwanga. Ndimaziona kuofesi, m'mawa, kwa nthawi yoikika, ndipo ndikafuna kuona nkhope za chikhamu ndimaphimba kaye pamene pali wophedwayo. Makanema amene zigawenga za masiku ano zimajambula pochita chiwembu sindionera. Zimene ndikufuna kudziwa zimapezeka m'zikalata za khoti ndi m'malipoti a makomiti ofufuza, ndipo kanemayo anajambulidwa n'cholinga choti anthu ngati ine ndi inu timuonere. Pophunzitsa, ndimauziratu ophunzira zimene aone ndipo amene sakufuna amatuluka popanda kufunsidwa chifukwa. Pezaninso anzanu awiri kapena atatu a ntchito yomweyi oti muziimbirana. Mutu umodzi susenza denga, ndipo pali zinthu zimene sungakafotokoze patebulo la banja.

Mwina mukufunsa kuti ngati ndi choncho, bwanji osasiya. Yankho langa lili m'chipinda cha khoti ku Arusha, Tanzania, komwe kunkazengedwa milandu ya kupululidwa kwa Atutsi ku Rwanda. Pakati pa Epulo ndi Julayi 1994, m'masiku pafupifupi 100, anthu pafupifupi 800,000 anaphedwa. Wailesi ya RTLM, imene inayamba kuulutsa mu 1993, inkatcha Atutsi kuti inyenzi, kutanthauza mphemvu, ndipo inkatchula mayina ndi malo amene anthu abisala. Mmodzi wa oyambitsa wailesiyo, Ferdinand Nahimana, anali katswiri wa mbiri yakale, wa digiri ya udokotala, mphunzitsi wa pa yunivesite. Mu Disembala 2003 khotilo linamulamula kukhala m'ndende moyo wake wonse, ndipo pa apilo mu 2007 chilangocho chinatsika kufika pa zaka 30. Mwa mboni zimene zinaima kumbali yomutsutsa pamlandu wakewo panali katswiri winanso wa mbiri ya Rwanda, Alison Des Forges, amene anathera zaka zambiri akusonkhanitsa zikalata ndi maumboni a mmene chiwembucho chinakonzedwera. Onse awiri anaphunzira luso limodzi. Onse ankadziwa kusaka zikalata ndi kufunsa okalamba. Ndikamaganiza za chipinda chimenecho ndimaona kuti maphunziro athuwa samuyeretsa munthu. Gulu lililonse la chidani limene ndalifufuza lili ndi mbiri yake yakale imene limaphunzitsa anthu ake: kale tinali pamwamba, awa anatilanda, akubwera kudzatimaliza, tiyambe ndife. Mbiri yabodzayo ikapanda woitsutsa ndi umboni, imasanduka chikwanje.

Chitsanzo china chimene ndimapatsa ophunzira anga ndi mlandu wa ku London wa mu 2000. Wolemba mabuku wa ku Britain David Irving anasumira katswiri wa mbiri Deborah Lipstadt ndi kampani yosindikiza mabuku ya Penguin chifukwa chomutcha wokana kuphedwa kwa Ayuda mu ulamuliro wa Nazi. Katswiri wa mbiri Richard Evans ndi omuthandiza awiri anakhala miyezi yambiri akutsata maumboni a m'mabuku a Irving limodzilimodzi, kubwerera ku chikalata chenicheni cha Chijeremani, n'kuonetsa pamene anadula chiganizo, pamene anamasulira mokhotetsa, pamene anasiya dala tsamba lomutsutsa. Mu Epulo chaka chomwecho woweruza anagamula kuti Irving anapotoza umboni mwadala. Ntchito yotopetsa yoyang'ana timanambala ta pansi pa tsamba ndi imene inapambana mlanduwo. Choncho phunzirani zinenero za zikalata zanu. Musadalire zomasulira za wina pa chiganizo chimene mukufuna kumangirapo mfundo.

Atolankhani amatiimbira kwambiri chiwembu chikangochitika. Funso lawo limakhala lofanana: kodi ameneyu anachita yekha? Mawu akuti "anachita yekha" ndimawakayikira ngati momwe ndimakayikira akuti "chinabuka". Kalekale mtsogoleri wina wa Klan, Louis Beam, anafalitsa nzeru yoti anthu awo azichita ziwembu m'timagulu ting'onoting'ono kapena mmodzimmodzi, popanda mtsogoleri wooneka, kuti apolisi asamagwire gulu lonse. Pa 19 Epulo 1995 bomba linapha anthu 168 ku Oklahoma City, 19 mwa iwo ana. Pa 22 Julayi 2011 anthu 77 anaphedwa ku Norway. Amene anapha anthu 51 m'mizikiti iwiri ku Christchurch, New Zealand, pa 15 Malichi 2019 anatamanda wa ku Norway uja m'zolemba zake, ndipo amene anapha anthu akuda 10 m'sitolo ku Buffalo pa 14 Meyi 2022 anakopera zigawo zikuluzikulu za zolemba za wa ku Christchurch. Dzanja limene linagwira mfuti linali limodzi, koma anthuwa amawerengana, amatamandana, amaphunzitsana pa intaneti. Mayina awo sindiwalemba ngati palibe chifukwa chenicheni, poti kutchuka n'kumene ankafuna. Komabe ndikulangizeni kuti musathamangire maikolofoni tsiku loyamba. Ndinachitapo kamodzi, ndinanena zimene ndinkaganiza kuti zachititsa, ndipo patapita masabata umboni unaonetsa kuti mbali ina ndinaphonya. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nenani zimene mbiri ikuonetsa, za dzulo muzisiyire ofufuza mpaka zikalata zituluke.

Mukayamba kulemba poyera, ziopsezo zidzabwera. Nkhani yanga ina itatuluka pa intaneti ndinalandira makalata otukwana ambirimbiri, ndipo ina inali ndi chithunzi cha khomo la nyumba imene munali ofesi yanga. Nditakadandaula kwa akuluakulu a pamalo amene ndinkagwira ntchito nthawi imeneyo anandiuza kuti ndingozinyalanyaza, ziphwa zokha. Sindinagone bwino mwezi wathunthu. Mnzanga amene anadutsamo kale ndi amene anandiphunzitsa zochita: osayankha, osafufuta, kusunga kalata iliyonse ndi tsiku lake, kukanena kupolisi ndi kwa olemba ntchito molemba kuti pakhale umboni, kupempha munthu wina kuti aziwerenga makalatawo m'malo mwanga, ndi kuchotsa pa intaneti chilichonse choloza kumene ndimakhala kapena kumene mwana amaphunzira. Izi chitani nkhani yanu isanatuluke. Ine ndinazichita mochedwa.

Za ntchito ndi malipiro ndinene mwachidule koma mosabisa. Malo a uphunzitsi okhazikika m'mayunivesite ndi ochepa kuyerekeza ndi anthu omaliza digiri ya udokotala. Ine ndinakhala zaka zingapo pa makontilakiti a chaka chimodzichimodzi. Anzanga ena ali m'nyumba zosungira zinthu zakale, ena m'mabungwe a ufulu wa anthu, ena amathandiza maloya ndi makomiti ofufuza zoona, ndipo ntchito yawo ndi ya mbiri yakale ndithu. Phunzirani kulemba kalata yopempha ndalama za kafukufuku, chifukwa ulendo wa ku zikalata umadya ndalama. Musanafunse munthu aliyense pezani chilolezo cha komiti yoona za umunthu pa kafukufuku, mufotokozereni bwino kumene mawu ake apite, ndipo mukalemba mubwerere kukamuwerengera. Anthu a m'madera amene anazunzidwa atopa ndi alendo obwera ndi chojambulira mawu n'kusowa. Mukafunsa amene anachita nawo nkhanza, musapite nokha, musalonjeze chinsinsi chimene malamulo sangakuloleni kusunga, ndipo dziwani kuti ambiri amalankhula mokoma ndipo amadziona ngati olakwiridwa.

Chiganizo changa chija ndinachilembanso. Chimati: "Pa 1 Juni 1921 azungu masauzande a ku Tulsa, ena atalumbiritsidwa ndi apolisi a mzindawo, analowa mu Greenwood, anapha anthu akuda ndi kutentha nyumba zawo." Mu Januwale 2025 unduna wa zachilungamo wa America unatulutsa lipoti lonena kuti chinali chiwembu chokonzedwa ngati cha asilikali, koma unati palibenso wamoyo woti azengedwe mlandu. Miyezi ingapo m'mbuyo mwake, mu Juni 2024, khoti lalikulu la Oklahoma linali litataya mlandu wa opulumuka omaliza, agogo a zaka zoposa 100, amene ankapempha chipukuta misozi. Timati mlandu suola, koma ndinawerenga chigamulocho mtima ukuwawa, poganiza kuti eni mlandu amatha.

Kumanda a Oaklawn ku Tulsa akatswiri anayamba kukumba mu 2020 posaka mitembo ya ophedwa mu 1921, ndipo anapeza mabokosi ambiri oikidwa pamodzi popanda zizindikiro. Mu Julayi 2024 analengeza dzina loyamba: C. L. Daniel, mnyamata wa ku Georgia, msilikali wa nkhondo yoyamba ya padziko lonse. DNA inawalozera ku banja, koma chimene chinatsimikiza ndi kalata ya mu 1936 imene loya analembera boma m'malo mwa amayi ake, popempha ndalama za msilikali womwalira. M'kalatamo munali mawu oti mwanayo anaphedwa ku Tulsa mu 1921. Kalatayo inakhala m'fayilo ku National Archives, nyumba yosungira zikalata za boma la America, zaka zonsezi, m'bokosi limene palibe amene ankaliganizira kuti likukhudza Tulsa.

Nditamva, ndinatulutsa kope langa lachiwiri n'kulemba dzina lake, kwawo, ndi kuti amayi ake ankamufunabe patapita zaka 15. Ku Oaklawn kuli ena amene mayina awo sanadziwike. Kwa zaka zonsezi ndinkasaka m'mabokosi a apolisi, a makhoti ndi a nyuzipepala, mafayilo a asilikali opuma osawagwira n'komwe. Ndalembera kale kupempha mabokosi oyamba, ndipo ndikayamba kuwatsegula tchuthi chikubwerachi.